Wadulidwa, koma pa benchi akhale kapena atuluke?

Nachisale, Ndirande: Mwaswera bwanji abale ndi alongo. Ndili ndi nkhani yondilemera, mundithandize maganizo. Dzina la mpingo sinditchula, la mwana sinditchulanso. Kwathu kuli mnyamata amene wakhala akuimba kiyibodi m'kwaya ya achinyamata kuyambira ali ku sekondale. Msuweni wake anatenga foni yake, n'kupezamo mauthenga achikondi ndi mwamuna mnzake, n'kuwatumiza kwa mkulu wa mlaga. Sesoni inakhala, anamudula. Izo sindikutsutsa, sindine wa sesoni. Koma Lamulungu lapitali mnyamatayo anabwera n'kukhala benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, ndiye madikoni awiri anapita kukamunong'oneza kuti atuluke. Anatuluka nyimbo yoyamba isanathe. Mayi ake ndi a Mvano anzathu, pano asiya kubwera Lachinayi. Kodi munthu akadulidwa saloledwanso kumva Mawu?

A Mbewe, Chilomoni: Zikomo mayi. Ndiyankhe monga mkulu wa mpingo. Kudula munthu ndi kumuimitsa pa Mgonero ndi kumuvula udindo, kaya wa kwaya, wa Sande sukulu kapena wa udikoni. Khomo la tchalitchi sitimutsekera. Timadula anthu chaka ndi chaka, wina wapereka mimba, wina watenga mkazi wachiwiri, wina akutcheza kachasu, ndipo onsewo timawauza kuti azibwera, alowe kalasi, tidzawabwezere. Tsono madikoni anuwo achita za m'mutu mwawo, osati za dongosolo. Koma mundimvetse bwino, sesoni sinalakwe. Mchitidwe umenewo Malemba amaukana, inenso ndimaukana.

Yamikani, Bangwe: A Mbewe, ndi ulemu wonse, musaike zimenezi pamodzi ndi kachasu. Mulungu anagwetsera moto Sodomu chifukwa cha kachasu? Werengani Levitiko 18:22, werengani Aroma 1. Pa 1 Akorinto 5 Paulo akulamula kuti woipayo achotsedwe pakati pa abale. Madikoniwo ndikuwaombera m'manja. Uwu ndi mzimu, ndipo mzimu umasamukira kwa ena. M'kwayamo muli ana.

A Mbewe, Chilomoni: Mwana wanga, mutu 5 umenewo uwerenge wonse. Vesi 11 ikutchulanso osirira, oledzera, olalata ndi olanda za eni. Tikaika madikoni pakhomo ndi mndandanda umenewo, Lamulungu chopereka tidzatolera kwa ndani? Ndiye utsegulenso 2 Akorinto 2. Paulo yemweyo akuuza mpingo womwewo kuti chilango chakwana, amukhululukire munthu wolangidwayo ndi kumutonthoza kuti chisoni chingamumize.

Bambo a Dalitso, Machinjiri: Kkkk a Mbewe mwandilasa. Olalata tikatuluka, Machinjiri yonse tizipempherera pansi pa mtengo wa mango.

Thoko, Namiwawa: Achimwene Yamikani, nkhani ya ana ija ndiyankheko. Wogwirira ana ndi wogwirira ana, kaya amakonda akazi kaya amuna, ndipo ameneyo malo ake ndi kupolisi. Mayi Nachisale sananene kuti mnyamatayu anakhudza mwana wa munthu. Tisamusenzetse mlandu umene sanapalamule. Za Sodomu, Ezekieli 16:49 akuti tchimo lake linali kudzikuza, kukhuta, ndi kusathandiza osauka ndi aumphawi. Ndipo zimene amuna a mumzindawo ankafuna pa Genesis 19 kunali kugwirira alendo mwachigulu.

Yamikani, Bangwe: Pitirizani vesi 50 achemwali, musaimire pamene pakukomerani. Akuti anachita zonyansa pamaso pa Mulungu. Yuda 7 nayenso akunena za dama la Sodomu.

Thoko, Namiwawa: Ndaiwerenga, ilipodi. Ine ndikungoti mavesi onse awiri ali m'Baibulo limodzi, koma pa guwa timamva imodzi yokha.

Akatekisi a ku Limbe: Ndilowepo ndi mbali ya ife Akatolika, poti anthu amatisokoneza kwambiri. Katekisimu wa Mpingo, ndime 2357, amanena poyera kuti kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha sikungavomerezedwe. Koma ndime yotsatira, 2358, imati anthu amenewa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo tipewe kuwasala mopanda chilungamo. Ziwirizi zimayendera limodzi. Pa 18 December 2023 ku Vatican kunatuluka chikalata chija cha Fiducia Supplicans chokamba za madalitso, ndipo mawa lake lomwe maepiskopi athu, kudzera m'bungwe lawo la ECM, anati kuno ku Malawi madalitso a anthu otere okhala ngati banja saloledwa. Ine ndinagwirizana nawo. Koma palibe episkopi amene anatiuza kuti tiziimika anthu pakhomo n'kumawabweza ku Misa. Wosalandira Ukaristia amakhala pansi anzake akamapita kutsogolo, basi. Ndipo ali ambiri, ena ndi a maukwati osadalitsa, takhala nawo m'miphakati zaka ndi zaka.

Bambo a Dalitso, Machinjiri: Koma tinene zoona abale. Izi ndi za azungu. Akutigwira pakhosi ndi thandizo lawo kuti tivomere. Kumudzi kwathu ku Thyolo zimenezi tinazionapo liti?

Agogo Nkhoma, Zingwangwa: Bambo a Dalitso, inu ndinu mwana. Amalume athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ankabwera ndi nkhani za m'makomponi, amuna kukhala ndi anyamata ngati akazi awo. Ankanena motsitsa mawu, ife ana atatithamangitsa, koma tinkamva. Nthawi imeneyo mabungwe a maufulu kunalibe. Sindikuti n'zabwino. Ndikuti sizinabwere pa ndege dzulo.

Thoko, Namiwawa: Ndipo chimene chinabweradi ndi azungu ndi lamulo lomangira anthuwa. Penal Code yathu ndi ya nthawi ya atsamunda a ku Britain. Ndime 153 ndi ya zaka 14 m'ndende, ndime 156 ndi ya zaka 5. Ya akazi okhaokha, 137A, ndiyo tinaonjezera tokha, aphungu anaivomereza mu 2010, a Bingu n'kusainira mu 2011.

A Mbewe, Chilomoni: Pa za azungu ndili pakati. N'zoona kuti amatikankha, ndipo zimandinyansa. Church of Scotland, imene inatumiza amishoni kudzayamba Blantyre Mission mu 1876, amene anatimangira tchalitchi cha St Michael and All Angels, mu 2022 inalola abusa ake kumangitsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ife sitinawatsatire ndipo sitiwatsatira. A Anglican nawo mukukumbuka 2005, pamene Nicholas Henderson wa ku London anasankhidwa kukhala bishopu wa dayosizi ya Lake Malawi koma anakanidwa kutsimikizidwa, mkangano wake unali womwewu. Choncho mipingo ya kuno imatha kukana. Koma mnyamata wa ku Ndirandeyu si mzungu. Anabatizidwa ndi m'busa wathu, pa mtsuko wathu. Ndi nkhosa yathu yomwe.

Yamikani, Bangwe: A Mbewe, si inu tinayenda nanu pa 13 July 2023, pa zionetsero zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha? Tinadzaza msewu, Ambuye Thomas Luke Msusa ali kutsogolo, Asilamu ali nafe. Lero mwatembenuka?

A Mbewe, Chilomoni: Ndinayenda, ndipo atati kuli ulendo wina mawa ndivalanso nsapato zomwezo. Ndinayendera ukwati, kuti ukhale wa mwamuna ndi mkazi. Sindinayendere kuti mwana azitulutsidwa m'tchalitchi.

Thoko, Namiwawa: Bambo Mbewe, pamenepo mundilole ndikufinyeni pang'ono. Zikwangwani tsiku lija zinkanena za ukwati, koma mlandu umene unali kukhoti, wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, unali wofunsa ngati ndime za Penal Code zija zikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Kunena kwina, nkhani inali ya ndende. Pa 28 June 2024 majaji atatu, a Chigona, a Kacheche ndi a Chima, anagamula kuno ku Blantyre kuti ndimezo zikhalebe, ndipo ofuna kusintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Ndiye ndikufunseni molunjika. Mnyamata wa kiyibodiyu, mukufuna akakhale ku Chichiri zaka 14?

A Mbewe, Chilomoni: Ayi. Chigololo ndi tchimo, koma sindinaperekezepo wachigololo kupolisi. Ndende sinatembenuzepo mtima wa munthu pa nkhani ngati iyi.

Yamikani, Bangwe: Lamulo ndi lamulo. Aroma 13.

Akatekisi a ku Limbe: Papa Francis ananena mu January 2023 kuti kukhala munthu wotere si mlandu woti boma limangire munthu. Mwezi wotsatira, pochokera ku South Sudan, anabwerezanso m'ndege ali ndi Justin Welby wa Anglican ndi Iain Greenshields wa Church of Scotland. Chiphunzitso cha tchimo sanachisinthe. Anangosiyanitsa ntchito ya wansembe ndi ntchito ya wapolisi. Akatolika ambiri kuno mawu amenewo sanawakonde, ndisabise.

Agogo Nkhoma, Zingwangwa: Ine za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene anamangidwa pa malamulo omwewa, ndimazikumbuka bwino. Chinkhoswe chinachitikira ku Chirimba kumapeto a 2009. Masiku a mlandu anthu ankakhamukira kukhoti ngati kuli mpira, kuseka, kukuwiza, ena atanyamula ana kumsana. Mu May 2010 anawapatsa zaka 14 ndi ntchito yakalavulagaga, kenaka a Bingu anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa UN nthawi imeneyo. Chimene chinandikhala pamtima n'choti mwa okuwizawo ambiri tinkakumana nawo Lamulungu atavala zoyera.

Mercy, namwino: Ndakhala chete poti ndinali pa ntchito. Ndikuuzeni zimene timaona ife. Munthu akaululidwa chonchi, choyamba landilodi amamuthamangitsa. Akasamuka, ngati anali pa ma ARV, sabweranso kudzatenga mankhwala, amaopa kukumana ndi wa kumpingo pa mzere. Timamuimbira foni, nambala yasintha. Amadzabwera miyezi itapita atanyamulidwa, thupi litatha. Ena amamwa tameki. Akuluakulu pagulu lino mukukumbuka mmene tinkalalikirira za Edzi kale, kuti ndi chilango cha achiwerewere, anthu n'kumafera m'nyumba mobisa. Zinatengera anthu ngati Canon Gideon Byamugisha wa ku Uganda, amene mu 1992 anaulula kuti ali ndi kachilombo ali wansembe, kuti mipingo iyambe kusintha kalankhulidwe. Mavesi sindilimbana nanu. Koma mayi Nachisale, funso langa ndi lakuti mwanayo akugona kuti usiku uno, ndipo alipo amene akumuyang'anira?

Nachisale, Ndirande: Akuti ali kwa mnzake ku Mbayani. Bambo ake anamuuza kuti asapondenso pakhomo. Mayi ake ndiwo akungolira, kumsika akutuma mwana. Amayi ena a Mvano akuti tisapiteko, tingaoneke ngati tikuvomereza.

Mayi a Chisomo, Chirimba: Kuvomereza chiyani? Mayiyo walakwa chiyani? Mwana wa mayi wina atamangidwa chifukwa cha kuba mabatire a galimoto tinapita ndi shuga ndi sopo, tinaimba, tinapemphera. Palibe anati tikuvomereza kuba. Pitani mayi. Ndipo muvale yunifolomu. Mukapita ndi chitenje wamba ndiye kuti mwapita inu a Nachisale. Mukavala bulauzi yoyera ndi duku, anthu a pamzere wa nyumbazo aona kuti mpingo wafika.

Nachisale, Ndirande: Yunifolomu popanda mayi busa kudziwa ndingaitanidwe ine ku sesoni kkk. Ndiwaimbira mawa m'mawa. Akakana ndipita ndi chitenje.

Yamikani, Bangwe: Mayiyo mukamuone, palibe vuto. Koma mwanayo akufunika kumasulidwa. Mubwere naye kuphiri Lachisanu usiku, tasala kudya. Ndaona ndi maso anga anthu akumasuka, lero ali pabanja, ali ndi ana.

Admin: Abale, munthu wina wa pagulu lino wandilembera kumbali, wapempha ndiike uthenga wake popanda dzina. Ndauika mmene waulembera.

"Ndakhala ndikuwerenga kuyambira masana. Ine ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawo. Ndinabadwira mu mpingo, chakhumi ndimapereka, maliro akagwa kudera kwathu ndimagona pa siwa ngati wina aliyense, bokosi ndimanyamula nawo. Achimwene Yamikani, kuphiri ndinapitako. Ndinasala kudya mpaka kugwa, anandidzoza mafuta, anandikuwira m'khutu kuti chiwanda chituluke, envulopu ndinaperekanso. Ndinatsika phiri ndili yemwe uja. Ndinachitira umboni kuti ndamasuka chifukwa anthu onse ankandiyang'ana ndipo ndinatopa. Mwina ena mwa amene munawaona akumasuka anachita ngati ine, sindikudziwa mitima yawo. Sindikupempha ukwati m'tchalitchi. Pano akunyumba akundikakamiza kukwatira, abusa amene ndinawauza nkhaniyi akutinso ndikakwatira zitha. Pali mtsikana wina wabwino amene akundilozera. Ndifunse inu makolo. Ndani pagulu lino angandipatse mwana wake wamkazi akudziwa zimenezi? Ngati palibe, bwanji mukundituma kukatenga mwana wa eni ake amene sakudziwa kanthu?"

Bambo a Dalitso, Machinjiri: Iii. Pagulu pompano? Ndiye ndani ameneyu? Osakwatira pagulu lino si ambiritu.

Admin: Bambo a Dalitso, basi pomwepo. Aliyense woyamba kuwerenga mayina kapena kulozera munthu ndimuchotsa nthawi yomweyo, kaya ndi wamkulu. Uthengawo ndaufufuta kale kumbali kwanga, ndipo musandiimbire kundifunsa.

Bambo a Dalitso, Machinjiri: Chabwino a Admin, ndatseka pakamwa.

Mayi a Chisomo, Chirimba: Funso lakelo ndiliyankhe ine, poti ndinaliona m'nyumba mwathu. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa mapemphero kwambiri, ukwati woyera, ankhoswe onse kusangalala. Mwamunayo sanamumenyepo, ndalama ankasiya, koma kuchipinda ankagona atavala buluku, atayang'ana kukhoma. Mwana wathu anayamba kudziona ngati ndi wonyansa. Alangizi anamuuza kuti asinthe kaphikidwe, avale mikanda, mpaka anamupezera mankhwala achikuda. Anaonda. Choonadi chitadziwika, tinamva kuti akuluakulu ena a kumpingo kwa mwamunayo ankadziwa kalekale, ndipo ndi iwo anamulimbikitsa kukwatira kuti achire. Mwamunayo sindimuda kwambiri ayi. Amene sindinawakhululukire mpaka lero ndi amene anatenga m'bale wanga n'kumusandutsa mankhwala. Ndiye iwe mwana wanga wosatchula dzina, usakwatire mtsikanayo. Chonde.

Yamikani, Bangwe: Ndiye azikhala mu tchimo? Mulungu salephera. Ngati sanamasuke ndiye kuti chikhulupiriro chinachepa kapena pali chimene sanaulule.

Mercy, namwino: Achimwene, mawu amenewo ndi omwe timauza odwala khansa akapanda kuchira. Munthu wakuuzani kuti anasala mpaka kugwa. Mukufuna achite chiyani china?

Akatekisi a ku Limbe: Kwathu yankho la Mpingo ndi ndime 2359, kudzisunga. Ndi mtanda wolemera, ndipo ife amene timaulalikira timabwerera kunyumba kwa akazi athu madzulo. Choncho ndikamauza munthu zimenezi ndimayenera kunena mwamantha. Paulo anati munga wake anaupempherera kuti uchoke koma sunachoke. Sikuti aliyense wosasintha ndi wopanda chikhulupiriro.

Thoko, Namiwawa: Ine ndinene maganizo anga onse, ngakhale ndikudziwa kuti pagulu lino ndili ndekha. Sindikhulupirira kuti munthu ameneyu ndi wodwala kapena wogwidwa ndi chiwanda. Pa Machitidwe 8, mdindo wa ku Itiyopiya anali munthu wofulidwa, amene Deuteronomo 23:1 inkamutsekera kunja kwa msonkhano wa Yehova. Anafunsa Filipo chomuletsa kubatizidwa, ndipo Filipo anatsikira naye m'madzi. Mpingo woyamba unakangananso za osadulidwa mpaka msonkhano wa pa Machitidwe 15. Ndimaona kuti tsiku lina tidzakhala pansi pa nkhani iyinso.

A Mbewe, Chilomoni: Thoko mwana wanga, pamenepo tasiyana. Mdindo uja sanasankhe kanthu ndipo palibe mchitidwe umene ankapitiriza. Mdulidwe unali mwambo, izi ndi za chilengedwe cha ukwati, Genesis 2, ndipo Yesu anabwereza pa Mateyu 19. Sindisuntha. Koma kwa amene walemba mobisa uja ndinene izi. Mayi a Chisomo anena zoona, usakwatire pofuna kutseka anthu pakamwa, ndipo abusa amene akukuuza zimenezo akulakwitsa. Ukakhala kuti uli ndi mwamuna amene ukugona naye, ine pa Mgonero sindingakulole, ndingakhale ndikukunamiza. Ukakhala kuti ukulimbana nazo wekha, palibe chokuletsa, chifukwa sesoni siweruza zimene munthu akumva m'thupi. Mulimonsemo, tchalitchi ndi chako, ukadwala tidzabwera, ndipo pakhomo panga ukhoza kufika.

Thoko, Namiwawa: Bambo, mwayankha mosabisa, zikomo. Koma taonani chimene chimachitika munthu akafikadi. Akakuuzani, inu mukauza abusa, abusa akaitanitsa sesoni. Sesoni ili ndi anthu angati? Aliyense ali ndi mkazi kapena mwamuna kunyumba. Mlembi amalemba m'buku la maminitsi dzina, tsiku ndi mlandu. Wopereka mimba akalembedwa m'bukumo, mapeto ake ndi manyazi ndi kalasi. Uyu akalembedwa, ndi chivomerezo cha mlandu wa zaka 14, cholembedwa ndi dzanja la mpingo.

A Mbewe, Chilomoni: Buku la sesoni silituluka mu ofesi.

Thoko, Namiwawa: Apolisi akabwera ndi chikalata cha khoti chowalola kuchita chipikisheni, mlembi wanu awakaniza? Ndipo safunikanso bukulo. Ku Ndirande kuja mauthenga a mufoni anayenda kuchoka kwa msuweni kupita kwa mkulu wa mlaga. Pano ali m'mafoni angati?

Nachisale, Ndirande: Anafika ngakhale pagulu lathu la amayi. Ine ndinafufuta, koma ena anatumiza kwina.

Mercy, namwino: Ife kuchipatala ukaulula za wodwala umachotsedwa ntchito. Mkulu wa mlaga amene anamwaza mauthengawo sesoni yamufunsapo?

Nachisale, Ndirande: Ayi. Lamulungu lomwelo ndi iye anawerenga zolengeza.

Yamikani, Bangwe: Ine gulu ili landikwana. Mwayamba kuweruza ogwira ntchito ya Mulungu m'malo mwa wochimwa. Ndikupemphererani.

*Yamikani watuluka pagulu*

Agogo Nkhoma, Zingwangwa: Musiyeni, abwera. Anatulukanso nthawi ya mkangano wa chakhumi uja.

A Mbewe, Chilomoni: Za mkulu wa mlagayo, Mateyu 18:15 ndi yomveka, umayamba kupita kwa m'bale wako panokha, iwe ndi iye. Kumwaza mauthenga m'magulu ndi miseche, ndipo miseche timadulira anthu. Mayi Nachisale, zimenezo mukhoza kukadandaula kwa abusa anu, ndi ufulu wanu ngati mkhristu. Za buku la maminitsi, kwathu timalemba dzina ndi mlandu wonse, ndi mmene tinapezera. Sesoni yathu ikhala Loweruka la mawa lino. Thoko, unditumizire ndime za lamulozo kumbali, zenizeni mmene zinalembedwera, ndikufuna mlembi wathu ndi abusa aziwerenge tisanalowe.

Thoko, Namiwawa: Nditumiza usiku uno bandulo ikalola. Ndi za Chingerezi cha maloya, ndiikamo ndi kufotokozera kwake m'Chichewa.